Uthenga wa pa Foni ya Amayi

Gilda anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ankakhala ku Milange, m'munsi mwa phiri la Tumbine. Gilda ankawasowa kwambiri abambo ake.

Abambo ake, a Custódio, anapita kukagwira ntchito ku Joni. Chaka chinatha. Chaka china chinathanso. Iwo osabwera.

Gilda anali ndi msuweni wake, dzina lake Rita. Rita ankakhala ku Muloza, kutsidya kwa malire. Kusukulu kwa Rita amaphunzira Chingerezi. Kusukulu kwa Gilda amaphunzira Chipwitikizi.

Loweruka lililonse Rita ankabwera kudzacheza. Akangolowa pabwalo, ankakuwa kuti, "I have just arrived!"

"Ukuti chiyani, iwe?" Gilda anafunsa tsiku lina.

"Ndikuti ndafika kumene," anatero Rita. "Just ndiye kuti kumene. Thukuta lisanaume n'komwe."

"Nanga ukanafika m'mawa?"

"Ndikanati already. Already ndiye kuti kale. Kusamba ndasamba, tiyi ndamwa."

Gilda anawakonda mawuwo. Ankawanena paliponse.

Nkhuku inaikira dzira. Gilda analigwira, likadali lofunda. "Just!" anatero.

Anapita kukathamangitsa mbuzi kudimba. Anapeza mpiru wonse watha. "Aaa, already!" anatero.

Lachiwiri lina masana, Amayi ankasenda nandolo pakhonde. Gilda ankawathandiza. Mlongo wake wamng'ono, Gerson, ankasewera ndi makoko.

Foni ya Amayi inalira. Twii! Twii!

Unali uthenga. Nambala yake inali yachilendo. Mawu ake anali a Chingerezi.

Amayi anayang'ana. Anayang'ananso. Anazindikira mawu amodzi okha: Custódio.

Lichero linagwa pansi. Nandolo anamwazika.

"Mayo ine!" anatero Amayi. "Dzina la abambo anu ili. Bwanji sanaimbe okha? Kodi achita ngozi?"

Amayi anathamangira kwa a Eusébio, oyandikana nawo nyumba. A Eusébio ankadziwa Chingerezi. Koma chitseko chinali chotseka. Anali atapita kumsika wa ku Mongue.

Amayi anabwerera. Anakhala pansi.

"Amayi, tandipatseni ndione," anatero Gilda.

"Iwe Chingerezi unachidziwira kuti?"

"Ndimadziwako pang'ono. Tandipatseni."

Gilda anaika chala pa mawu oyamba. Anawerenga pang'onopang'ono.

"Custódio has just arrived at the border."

Mawu ena sanawadziwe. Koma awiri anawadziwa. Anawawerenganso. Mtima wake unagunda, gu! gu! gu!

"Amayi! Si ngozi ayi! Akuti Ababa afika kumene!"

"Afika kuti?"

Gilda anaona mawu omaliza. Anawatchula mokweza. "Bo-da. Kuboda, Amayi! Ku fronteira!"

Amayi anapukusa mutu. "Mwina anafika dzulo, mwanangu. Mwina tikawapeza atachoka."

"Ayi, Amayi. Akanafika kale, akanalemba already. Apa alemba just. Ali pomwepo panopa!"

Amayi anamuyang'ana Gilda m'maso. Kenako anamanga nsalu yawo ya kapulana mwamphamvu. Anabereka Gerson kumbuyo. Anatulutsa njinga.

"Kwera," anatero.

Amayi anapalasa. Anadutsa msika. Anadutsa maminibasi. Anapalasa, anapalasa, osapuma.

Kuboda kunali anthu ambiri. Kunali malole. Kunali njinga zonyamula matumba a chimanga. Gilda anayang'ana uku. Anayang'ana uko. Ababa sanaoneke.



Gilda anachita mantha. Kodi anawerenga molakwa?

Pansi pa mtengo wa mango panali bambo wina. Anakhalira chikwama chachikulu. Anali ndi ndevu zambiri. Bamboyo anaimirira. Anavula chipewa.

"Gilda! Wakula chonchi?"

"Ababa!"

Gilda anathamanga. Ababa anamunyamula m'mwamba. Amayi ankaseka, misozi ili mbwembwembwe.

"Foni yanga inazima panjira," anatero Ababa. "Woyendetsa lole ndiye anandilembera. Iye Chinyanja sachidziwa. Anakuwerengerani ndani?"

"Mwana wanuyu," anatero Amayi.

Koma Gerson anabisala kuseri kwa Amayi. Ababa pochoka, iye anali khanda. Sanawadziwe.

Ababa anagwada pansi. Anadikira. Sanamukakamize.

Gerson anasuzumira. Anayandikira pang'ono. Anatambasula dzanja. Anagwira ndevu zija.

"Zikubaya!" anatero.

Onse anaseka. Gerson nayenso anaseka.

Anamangirira chikwama pa njinga. Amayi anakankha njingayo. Gerson anakwera pamapewa pa Ababa. Gilda anagwira dzanja la Ababa, ndipo sanalisiye mpaka kunyumba.