Ulusi wa Jekete la Akhansala

Khoma la pakati pa nyumba ziwirizo linali lopyapyala, moti telala ankamva zonse ali pa makina ake.

"Zaka khumi ndi zisanu muli khansala, denga likudonthabe," anali mayi a kuseriko. "Mijigo mwakonzetsa dera lonse, koma mpando wa m'nyumba muno miyendo itatu."

"Mayi, tsitsani mawu, pakhonde pali anthu."

"Anasowapo liti? Ndikamasesa ndimachita kuwapempha kuti akweze mapazi."

Telala anaimitsa makina. Za denga analibe nazo ntchito, chinamuwawa ndi anthu a pakhondewo. Iye ndi khansalayo ankakhala benchi imodzi kusukulu, ndipo wanzeru anali iye. Koma mnzake akamadutsa pamsika amayi ankapukuta manja kuti amupatse moni, pamene iye ankangomva, "Atelala, zipi ija bwanji?" Kolala ya jekete limene anthu ankaliombera m'manjalo anaitembenuza ndi iye, kawiri konse.

Jeketelo litabweranso kudzasoketsa thumba, anasololako ulusi napita nawo kwa sing'anga.

"Mukufuna mpando wake kapena chuma?" anafunsa sing'angayo.

"Zonse. Iye mpandowo akungouseweretsa."

Sing'anga anakulunga ulusiwo m'kachikopa. "Anthu adzabwera ndi madandaulo. Muziwamvera mpaka amalize, muzigwedeza mutu, koma osathandiza ndi mmodzi yemwe. Aliyense wobwerera chimanjamanja, kwa inu ndi chuma."

Telala anaseka. "Ambiri amachita zimenezo opanda mankhwala."

"Ambiriwo amasankha owakana. Inu simudzasankha. Mukadzathandiza mmodzi, mudzabwerera pa makina, ndipo mnzanuyo adzakubweretserani jekete lake."

Telala analandira kachikopako.

Chisankho cha ukhansala anapambana mosavuta. Anamanga nyumba ya mpanda, anthu nayamba kugogoda pageti. Wina mjigo wafa, wina ngalande yatsekeka, ena mlatho wa njira ya kuchipatala wagwa. Iye ankamvetsera bwinobwino, kenako n'kunena kuti, "Ndamva, tiona." Chaka chisanathe pabwalo panaima magalimoto atatu.

Koma chakudya sichinkamukomera. Obwerera pageti pake ankalunjika pakhonde paja, ndipo mnzakeyo, wopanda mpando, ankawalembera makalata, penanso kunyamula fosholo yekha. Anthu ankamutchabe "akhansala athu". Nthawi zina telala akakhala yekha ankamva kugogoda, koma akatsegula panalibe munthu.

Tsiku lina masana mkazi wake analowa akuthamanga, mpango uli m'manja.

"Bambo, makiyi a galimoto. Mwana wanu matenda ayamba, ndipo magazi akutuluka ambiri."

Anali mwana wawo yekhayo, mimba yake yoyamba. Telala anatulutsa makiyi m'thumba. Poyang'ana pawindo anaona mnzake uja akudutsa mumsewu, atavala jekete lomwe lija, ana akumuthamangira. Anadziona atagwada ndi tepi, akumuyeza mwendo wa buluku. Makiyi aja anabwerera m'thumba.

"Ndamva," anatero. "Tiona."

Mkaziyo anamuyang'ana kamodzi kokha n'kutuluka. Amene anabwereka njinga n'kumukweza mwanayo anali khansala wakale. Poti mlatho unali chigwere, anazungulira njira yaitali. Mwanayo anatsirizikira panjira, denga la chipatala likuoneka.

Maliro atatha, kugogoda kuja sikunalekenso. Telala anayamba kuyenda m'misewu, kutsegula zitseko za eni, kugwedeza mutu n'kumati, "Ndamva, tiona." Mkazi anachoka, magalimoto anapita ndi achibale, mpanda unamera udzu.

Chuma chimene chimafuna kuti uumitse mtima chimayamba ndi anthu apadera, koma chimathera m'nyumba mwako. Amene amasirira mpando wa mnzake aziyamba wafunsa chimene anthu amamuimirira akamafika.

Masiku ano telala amakhala kumapeto kwa khonde lija, ndipo za m'nyumbamo amazimvabe.

"Munthu anakulandani mpando, anapha mwana wake, ndiye ndimupakulire?"

"Ali pakhonde pathu, mayi."

"Khonde limeneli lidzandipha ine. Mbale yabwinoyo ayi, tengani yobenthukayo."

Khansala wakaleyo anakapereka mbaleyo panja n'kubwerera. Mayi anamukankhira mwamuna wawoyo mpando wa miyendo itatu uja, iwo nakhala pamkeka, n'kumuthirira madzi osamba m'manja.