Thupi la a Sadyanyama

Zinayamba ndi chakudya cha agalu. Yesaya, khukhi wa mzungu woyang'anira minda ya tiyi chakufupi ndi kwa Khwethemule, ankawiritsira agalu olondera mitu ya ng'ombe n'kusiya chitini pakhonde la khitchini kuti chizizire. M'mawa wina wa chiperoni, mu Juni wa 1952, anapeza chitinicho chili mbee, chonyambitidwa mpaka pansi, agalu ali chimangidwire kuseri akulira ndi njala. M'mbali mwa chitinicho munali zidindo za zala zamafuta, ndipo zinali zala za munthu wamkulu.

Mzunguyo anthu anam'patsa dzina loti Sadyanyama. Anali wamtali, wowonda ngati nsungwi, ndipo asanabwere ku Thyolo anakhalitsa m'minda ya tiyi ya ku Indiya. Kumeneko ndiko anakatola chiphunzitso chake kwa akuluakulu a Chihindu ndi kwa azungu anzake a kagulu kena kamene kankamutumizira mabuku papositi. Nyama ayi, dzira ayi, mowa ayi. Chaka chimenecho anali atasiyanso mkaka, n'kumangodya kampunga kodzaza chikhatho ndi masamba owiritsa opanda mchere. Yesaya, munthu wodziwa kuwotcha nkhuku mpaka madona kuiwala mafoloko, ankaphika zimenezo mtima ukumuwawa.

"Taona tipoti uyu, Yesaya," ankatero mzunguyo m'Chinyanja chake cha m'buku. "Masamba otsalira pansiwa ndiwo thupi. Ndi dothi chabe, amapita kudzala. Madzi otenthawa ndiwo maganizo, sakhazikika. Koma wakumwayo, amene sadetsedwa ndi kanthu, ndiye mzimu, ndipo ine ndine ameneyo. Inu mumayesa kuti ndinu masambawo, n'chifukwa chake mumadya mbewa."

Yesaya ankangoti inde bwana, koma mumtima ankati zamkutu, munthu kunyoza thupi lomwe anzake amalitenthetsera madzi osamba tsiku ndi tsiku!

Mwambo wa a Sadyanyama unali wakuti tambala woyamba asanalire ankakhala pamphasa m'chipinda chawo atapinda miyendo, ndipo ankati mzimu wawo umatuluka kupita kumapiri ozizira a kutali kukamva mawu a aphunzitsi awo. Kugogoda pachitseko nthawi imeneyo kunali kuchotsedwa ntchito.

Patapita masiku atatu, nkhuku yofa ndi chitopa imene Yesaya anataya kudzala inapezeka nthenga zokhazokha. Sabata yotsatira inali mbuzi ya a kapitawo, imene inafa yotupa mimba ndipo anthu anaikwirira pafupi ndi dzala lomwelo chifukwa ngakhale aumbombo anaikana. M'mawa anapeza dzenje lofukulidwa ndi manja, mwendo umodzi palibe, ndipo mapazi osavala nsapato ankalowera kukhomo la khitchini. Nanga ndani ankayenda kumeneko kusanache, kupatula Yesaya wokakoleza sitovu?

"Kuchitsime amayi amakhala chete ndikafika," anatero Anesi, mkazi wa Yesaya, monong'ona, atatseka chitseko cha nyumba yawo ya mulaini wa antchito. "Akuti mwayamba ndi mbuzi, mudzatsiriza ndi anthu. A kapitawo akuti zikachitikanso tichoke. Tilowera kuti, bambo? Mfiti amailandira mudzi uti?"

Yesaya anapempha a Dickson, mlonda wa pakhomopo, kuti abisale naye m'kanyumba ka nkhuni. Kunali nkhungu yoti dzanja lako lomwe osaliona, madontho akugwa pamalata limodzilimodzi. Tambala asanalire anamva chitseko cha khitchini chikukhuluzika pang'onopang'ono, kenaka kupuma kwa mphuno, fwe fwe fwe, monga imachitira nkhumba ikamafufuza chinangwa. Agalu sanauwe. Ankangolira chapansipansi, unyolo ukunjenjemera.

Chinthu china chinadutsa pafupi kwambiri moti Yesaya akanatha kugwira mkanjo wake wogonera. Anali a Sadyanyama, maso ali tong'o, koma m'masomo munalibe munthu. Chinagwada padzenje paja n'kuyamba kufukula. Fungo linafika kaye, fungo loti ntchentche yomwe ikanabwerera. Kenaka anamva kung'ambika kwa chikopa chonyowa, ndi kutafuna, tchafu tchafu tchafu, ndi kumeza kwaphuma, ndi kakubuula kachisangalalo kamene kanamunyansa Yesaya kuposa zonse. Nkhungu itang'ambika pang'ono anaona zala zoyera zija, zotsegula mabuku zija, zikutola mphutsi pachibwano n'kuzibwezera m'kamwa. Yesaya anasanzira pankhuni mpaka ndulu.

"Ndondocha," a Dickson ananong'ona. "Mwini wake wachokamo."

Chitakhuta chinapita pamgolo wa madzi, chinasamba bwinobwino kumaso ndi m'manja, n'kulowa m'nyumba.

Kutacha Yesaya anakokera a Dickson kwa a kapitawo kuti akanene zimene anaona. A Dickson anangoyang'ana pansi. "Ine ndinaona fisi," anatero. Ali awiri panjira anawonjezera kuti, "Achimwene, munthu wakuda anene kuti mzungu wadya mbuzi yowola, agona m'nyumba mwake? Ndili ndi ana asanu ine."

Basi Yesaya analimba mtima. Atapereka madzi a mandimu pakhonde anaima chilili osachoka. A Sadyanyama anali kumwetulira, nkhope ili see, ndipo pakati pa mano awo panali kaubweya kakuda.

"Lero ndinafika patali, Yesaya. Njala inandithera kalekale. Ukuona mmene mzimu umagonjetsera?"

"Bwana, inu mukachoka, thupi lanu limadzuka. Limapita kudzala."

Mzunguyo anayang'ana zikhadabo zake. Kenaka anapinda zala n'kuzibisa pansi pa buku.

"Ngati zili choncho, si ine," anatero mofatsa. "Zimene dothi lichita ndi dothi linzake sizindikhudza. Usadzandiuzenso za kudzala."

Ha! Yesaya anafuna kulavula pomwepo. Munthu kukana thupi lake ngati akukana mwana wa kutchire!

Lachinayi la sabata imeneyo khanda la mng'ono wake wa Anesi linamwalira ndi chifuwa chokoka mtima, ndipo analiika kumanda a anthu a pa esiteti, m'mabulugamu, kungodutsa dzala lija. Pamaliropo palibe amene anakhala pafupi ndi Yesaya. Iye sanasamale zimenezo. Chimene chinkamudya mumtima n'chakuti mbuzi ija inali itatha.

Mbandakucha anabisalanso m'nkhuni, yekha. Chinthu chija chinatuluka, chinafukula dzenje, sichinapezemo kanthu. Chinaimirira, chinakweza mphuno m'mwamba n'kumazungulira pang'onopang'ono, fwe fwe fwe, mpaka chinaima chitayang'ana kumabulugamu. Kenaka chinayamba kuyenda.

Yesaya anathamangira kulaini, anathyola chitseko cha khola lake, anagwira thadzi, nkhuku zonse zili kweee kweee, n'kulidula khosi akuthamanga. Anachipeza chitatsala mapazi khumi kufika pakamtumbira katsopano kaja. Anagwada panjira n'kutambasula manja.

"Bwana," anatero, "chakudya chapsa."

Chinatembenuka. Chinanunkhiza manja ake, ndipo anamva lilime lozizira likunyambita magazi pakati pa zala zake. Chinalanda nkhukuyo n'kulowa nayo m'mizere ya tiyi, nkhungu n'kuchimeza.

Phokoso la khola lija linali litadzutsa laini yonse. Nyali zinabwera zikugwedezeka m'mabulugamu, a kapitawo patsogolo ndi chibonga. Anapeza Yesaya yekha, ali chigwadire pafupi ndi manda a khanda, magazi mpaka m'zigongono. Anesi analipo, atagwira nyali. Anayang'ana manja a mwamuna wake, kenaka anabwerera m'mbuyo n'kukaima pambali pa mng'ono wake.

"Dzuwa likamatuluka tisakuonenso pano," anatero a kapitawo.

Yesaya anadzuka, anapukuta manja m'udzu, ndipo sanayese n'komwe kudzikanira.

"Ndipita," anatero. "Koma mawa nthawi ngati ino, wina mwa inu adzabwere pano ndi nkhuku."