Mapazi a Saibinn

Nyumba yathu inali yosauka koma ya ulemu. Pai, bambo athu, anamira pa nyanja ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo Mai anatilera awiri, ine Socorrina ndi mlongo wanga wamng'ono Ubaldo, ndi nsomba zimene ankagulitsa pa msika wa ku Mapusa. Kolona sitinkaphonya ngakhale tsiku limodzi. Ubaldo ndinamubereka kumsana ndine, kuwerenga ndinamuphunzitsa ndine, ndipo ndikuvomera kuti ndinkamukonda mopusa. Akaswa mbale, ndinkauza Mai kuti ndi mphaka.

M'mudzi mwathu muno ku Goa, mvula ikangotha, Saibinn amayamba kuyenda. Saibinn ndi chifanizo cha mtengo cha Amayi Maria, chachitali ngati mkono, chakale kuposa agogo a agogo athu. Amakhala nyumba imodzi tsiku limodzi, mawa lake madzulo timawaperekeza ndi makandulo ndi nyimbo ku nyumba yotsatira, eni nyumba n'kugawira anthu tchana, chakudya chonga nandolo, chophika ndi kokonati. Aliyense amawakhudza mapazi n'kupsompsona zala zake. Ndipo pali lamulo limodzi lomwe ngakhale mwana amalidziwa: Saibinn sasiyidwa okha m'nyumba.

Nyumba zakale za paphiri loyang'ana nyanja zinagulidwa ndi anthu a mafilimu a ku Bombay, oyimba ndi ojambula zithunzi. Ubaldo atafika zaka makumi awiri anasiya sukulu ya umakaniko n'kuyamba kuyendetsa galimoto la munthu wina dzina lake Vikrant, yemwe ntchito yake inali kukongoletsa nyumba za anthu otchukawo ndi zinthu zakale. Pasanathe mwezi, mwana wathu anali atavala magalasi akuda ngakhale kunja kuli mitambo, ndipo mkamwa munkamveka fungo la feni, kachasu wa kuno.

"Baba," anatero Mai tsiku lina akupala nsomba, kumuitana Ubaldo monga timaitanira mwana wamwamuna kuno, "anthu odzuka dzuwa lili pamutu ndi anthu a mtundu wanji? Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ine ndagulitsa nsomba zaka makumi atatu, fungo ndimalidziwa."

"Mai, inu mumangodziwa nsomba basi. Anthu aja amandiitana ndi dzina langa. Madam wina wa mafilimu anandiuza kuti nkhope yanga ndi ya pa kanema."

"Nkhope yako ndi ya bambo ako. Uisamale."

Ine, chitsiru, ndinamuikira kumbuyo. "Musiyeni, Mai, ndi unyamata. Adzakula."

Zimene ankakambirana ndi Vikrant ndinadzazimva pambuyo pake, ku polisi. Vikrant anaona Saibinn tikudutsa nawo mumsewu, ndipo maso ake anakhala ngati a khwangwala waona dengu la nsomba lopanda mwini.

"Ubaldo, m'bale wanga, Mulungu wanu amakhala m'chikuni?"

"Ayi, bwana."

"Ansembe anu omwe amatero. Ndiye tikasintha chikunicho, talakwira ndani? Iwe ungojambula mbali zonse, mmisiri wanga asema china chofanana ndendende. Azigogo ako azipemphera monga kale, iwe uzikwera njinga yamoto yatsopano. Kapenatu ndiwe mwana wa Mai, woopa kandulo?"

Ubaldo anajambula. Tinkamuona akutsatira Saibinn nyumba ndi nyumba, foni ili m'manja, ife n'kumathokoza Mulungu kuti mwana wabwerera ku mapemphero.

Tsiku lathu linafika. Saibinn anachokera kwa a Lobo, oyandikana nafe, n'kulowa m'nyumba mwathu. Mai analira ndi chimwemwe monga chaka chilichonse. Mawa lake panali vuto: Mai anali ndi nsomba zoti sizingadikire, ine ndinali ndi ana olemba mayeso ku sukulu kumene ndimaphunzitsa.

"Mana, pitani," anatero Ubaldo kwa ine, poti ndi mmene timaitanira mlongo wamkulu kuno. "Ndikhala nawo ine. Ndikagulanso maluwa."

Ndinamugwira tsaya. Panjira ndinauza Mai kuti, "Mwaona? Ndinakuuzani kuti adzakula."

Titabwerera madzulo, Saibinn anali atakutidwa ndi nkhata za maluwa achikasu kuyambira m'mawondo mpaka pansi. Anthu anayamikira. Anakhudza maluwawo n'kupsompsona zala, ndipo tinanyamuka ndi nyimbo kupita ku nyumba yotsatira, kwa Tia Ermelinda.

Tia Ermelinda ndi nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, ndipo maso anasiya kuona kalekale. Anthu anawatsogolera pa tebulo. Iwo sanakhutire ndi maluwa. Analowetsa dzanja pansi pa nkhata, n'kuima chilili. Kenaka anabweza dzanja ngati apsa.

"Awa si Saibinn."

Nyimbo inaduka.

"Tia, mwatopa," wina anatero. "Khalani pansi."

"Ndatopa ine? Saibinn alibe zala za kumapazi! Tinazimaliza ife ndi manja athu, ine, mai anga ndi agogo anga. Phazi lakumanja lili ndi kadzenje kolowa chala changa ichi. Apa pali zala khumi zakuthwa. Mwandibweretsera ndani m'nyumba mwanga?"

Anachotsa maluwa. Zala khumi zinalipodi, zatsopano, zopakidwa utoto woti zioneke zakale. Mmisiri uja anasema zimene anaona pa chithunzi, ndipo pamene maluwa anabisa pa chithunzicho anangoikapo mapazi monga a munthu aliyense.

Maso onse anatembenukira kwa ife. Ubaldo anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. "Mana, inunso mukundikayikira?"

Apa ndi pamene ndinachimwa ine. Ndinaimirira, kolona ili m'dzanja, n'kukuwa: "Mlongo wanga si wakuba! Ndikulumbira pa manda a Pai! Funsani a Lobo, Saibinn anachokera kwao!" Koma ndinali nditakhudza mapazi osalala aja ndekha dzulo lake, m'nyumba mwathu momwe. Mtima unkadziwa, pakamwa panakana. Mai a Lobo, omwe anatidyetsa mwezi wathunthu Pai atamwalira, anangophimba nkhope ndi nsalu n'kutuluka.

Kwa masabata awiri mudzi unagawanika, ena kwa ife, ena kwa a Lobo. Ubaldo ankadya bwinobwino, ankagonanso tulo. Njinga yamoto yofiira inafika pakhomo, iye n'kuti ndi ya kuntchito.

Tsiku lina nthawi yopuma, mphunzitsi mnzanga anandipatsa foni yake. Panali chithunzi chimene mkazi wina wa mafilimu anaika kuti dziko lonse lione phwando la kunyumba kwake. Iye anali m'mbali mwa dziwe losambira, atavala kansalu kosakwana kupukutira mbale. Kumbuyo kwake, pa shelefu, pakati pa mabotolo a mowa, panali Saibinn ndi mapazi awo opanda zala. Pambali pake panali Ubaldo, tambula m'manja, akuseka mano onse pamtunda.

Ndinamupeza akupukuta njinga ija. Ndinamuonetsa chithunzicho.

"Ndi chikuni basi, Mana," anatero, osandiyang'ana.

"Ndinalumbira pa manda a Pai chifukwa cha iwe."

"Ndinakutumani ine?"

Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero kuposa kuba kwenikweniko. Ndinamumenya mbama, koyamba m'moyo wake, mochedwa ndi zaka makumi awiri. Mai anali pakhomo, amva zonse. Sanakuwe. Anangoti, "Pita ukawatenge. Usabwere wopanda Saibinn."

Ndinapita naye kuphiri kuja. Mlonda wa kwa Vikrant anakana kutsegula chipata. Patapita nthawi Vikrant anatuluka, atavala zoyera, n'kumuyang'ana Ubaldo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Bwana, ndithandizeni, zaululika. Ndibwezereni, njinga mutenge."

"Mayi," anatero Vikrant akulankhula ndi ine, "mnyamatayu ndi dalaivala wanga wakale, ndinamuchotsa chifukwa cha manja aatali. Anandiuza kuti chifanizocho ndi cha agogo ake. Madam anachipereka kwa mnzawo wa kunja, chinakwera ndege dzana."

"M'bale wanga, munkatero inu!" anakuwa Ubaldo.

"Ine ndilibe m'bale wakuba za m'tchalitchi."

Apolisi anabwera Lachisanu. Ubaldo anagamulidwa zaka zitatu. Vikrant anasamukira ku gombe lina, ndipo ndikumva kuti akukongoletsabe nyumba. Saibinn sanapezeke mpaka lero. Ine ndinapita kwa a Lobo kukagwada. Anandimvetsera ndili pakhomo, mpando sanandipatse, ndipo sindiwaimba mlandu.

Chaka chotsatira mudzi unagula chifanizo china, ansembe n'kuchidalitsa, ulendo n'kuyambanso. Palibe anatiuza kanthu. Tsiku limene kuyambira kalekale linali lathu, Mai sanapite kumsika. Anasesa bwalo, anayala nsalu yoyera ya paukwati wawo pa tebulo, anaphika tchana mphika wodzaza, n'kuyatsa makandulo. Ndinawauza kuti, "Mai, mwina tisadzivutitse." Iwo anati, "Saibinn sanaphonyepo nyumba ino."

Madzulo tinamva nyimbo ikuchokera kwa a Lobo. Mai anaima pachipata, mbale ya tchana ili m'manja. Gulu linafika, anthu omwe tinakula nawo, aliyense atayang'ana kandulo yake. Anadutsa. Analowa kwa Tia Ermelinda.

Mai anaimabe pomwepo mpaka nyimbo itatha. Kenaka anati, "Socorrina, zimitsa makandulo."

Inu achinyamata amene mukuwerenga izi, wokunyengererani sadzanena kuti kabe. Adzati ndi chikuni basi, palibe adzadziwe, ndipo tsiku la mlandu adzakukanani pachipata. Chimene mukuba chili ndi eni ake amene amachidziwa ngakhale ndi maso akhungu, ndipo manyazi ake simudzawasenza nokha. Inunso alongo ndi makolo, musamanamizire mphaka mbale ikasweka. Ine ndinatero zaka makumi awiri, ndipo amene analipira ndi Mai, ataima pachipata ndi tchana chopanda wodya.