Kachala Koloza Kumwamba

Austin Laison, wodinda fodya pa esiteti ina kufupi ndi Nambuma, ananamiza mkazi wamasiye. Mkaziyo dzina lake ndi Doreen. Anamunamiza dzuwa likuswa mtengo, pabwalo la masewera, anthu akuona, ndipo mpaka lero akuyenda mutu uli m'mwamba ngati sanachite kanthu.

Anakumana pa siteji ya Nambuma. Doreen anali atakhalira thumba la mtedza kudikira galimoto, atavala zakuda za maliro a mwamuna wake, malemu Jameson. Mwadzidzidzi chinthu chofiira chinatera pamiyendo pake.

"Mbale ya ndani iyi? Mukufuna kundiboola diso?"

"Pepani mayi, mphepo yandilanda," anatero mwamuna wamtali akuthamangira pomwepo. Anali Austin. "Si yodyera iyo. Ndi yoponya."

"Bambo wamkuluwamkulu kumaponya mbale? Kwanu kulibe khasu?"

"Khasu liliko. Chosowa ndi munthu wondilalatira mokoma ngati inuyo."

Doreen anafuna kukwiya, koma anangoona waseka. Chiikireni maliro anali asanasekeko choncho.

Masewerawo amati disiki gofu. Anabwera ndi mlendo wina amene anadzagwira ntchito ku parishi. Kuseri kwa bwalo la mpira anazika mapaipi, pamwamba pake rimu ya njinga, matcheni ali lendelende, pansi dengu lachitsulo. Munthu amaponya mbale yapulasitiki kuchokera kutali, kuzemba mitengo ya bulugamu, mpaka italowa m'dengu. Woponya kochepa ndiye wapambana. Mlendoyo pochoka anasiyira Austin chikwama cha mbale, anthu n'kuyamba kumutchula kuti "akochi".

Lamulungu Misa itatha, Doreen anapita. Amati akungokaona. Koma dzanja lake linalowa m'chikwama n'kutulutsa mbale yonyezimira kuposa zonse.

"Imeneyo ayi, mayi. Ndi dirayiva. Taonani mlomo wake, wakuthwa ngati chikwanje. Imafuna mkono wozolowera. Inu mukaiponya ingokhotera kumanzere n'kudzigwera."

"Mukundiyesa wofooka eti? Ine ndimaumba njerwa ndekha."

Anaiponya ndi mphamvu zake zonse. Mbale inakhotera kumanzere n'kukagwera m'chinangwa cha akatekisiti. Mbuzi imene inali mmenemo inatuluka ili liwiro.

"Mbuzi mwaipeza," anatero Austin. "Tsopano tiyeni tifune dengu. Yambani ndi iyi, pata. Mlomo wake ndi wokhuthala. Sithamanga, koma imapita komwe mwaituma. Musamasankhe mbale chifukwa cha kuwala. Sankhani yopepuka, yokhala bwino m'dzanja."

"Nanga mwamuna amasankhidwa bwanji?"

"Chimodzimodzi, mayi. Ine ndi pata."

Kenaka anamugwira dzanja. Anamugwira pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Chala chachikulu pamwamba. Zitatu izi zipindikire pansi pa mlomo. Musafinye ngati mukupotokola khosi la nkhuku. Gwirani ngati dzanja la mwana powoloka msewu."

"Nanga kachala kakumapetoka? Anzanu aja akugwira ndi zala zinayi."

Austin anamuonetsa dzanja lake. Kachala kake kakumapeto kanali kouma, kosapinda, koloza kumwamba.

"Kanaphwanyidwa ndi jeke yodindira fodya. Anthu amandiseka nako. Koma inuyo kaimikeni ngati kanga, kakhale chizindikiro cha ife awiri. Kagwiridwe aka sindinaphunzitsepo munthu, ndipo sindidzaphunzitsanso wina."

Ndani sakanasungunuka? Mwamuna kukupatsa chilema chake kuti muchinyamule awiri! Doreen anaimika kachala. Kuyambira tsiku limenelo "mayi" anatha, panabwera "Dori wanga".

Foni yake, imene inkangolira anthu akafuna mtedza, inayamba kulira zina.

"Dori wanga, wadzuka bwanji, mtima wanga?"

"Ndili pa jeke koma maganizo ali pakhomo pako, wapamtima."

"Kachala kanga kakusowa mnzake."

Ndipo tsiku lina: "Fodya akangotha kugulitsidwa, ankhoswe anga akubwera kwa amalume ako. Ndidzakhala pakhomo pako mpaka imfa."

Koma Doreen anali womangika. Abale a Jameson anali asanamusudzule, ndipo wamasiye wosasudzulidwa sakwatiwa. Akazi ena amadikira mpaka eni ake atakumbukira okha. Doreen sanadikire. Anapita yekha kwa Violet, mlongo wake wa malemu, amene mawu ake ndiwo ankamveka pabanjapo.

"Alamu, mundisudzule."

"Ha! Dothi la pamanda a achimwene silinaume, inu mwatopa kale?"

"Chaka chinatha. Ndinalira, ndinameta, zakuda ndavala mpaka zasuluka. Mukufuna ndikawatsatire kumanda komweko?"

"Zonsezi chifukwa cha woponya mbale uja? Munthu wa pa esiteti, wosadziwika ndi kwawo komwe?"

"Yemweyo. Ndipo adzandikwatira inu mukuona ndi maso anuwo."

Anamusudzula, koma akumwazirana maso. Mudzi wonse unadziwa kuti Doreen waika dzina lake pa Austin. Ukwatiwo ukalephereka, adzayendanso bwanji pamsika?

Itafika nyengo yozizira kunamveka za mpikisano ku Namitete. Kukabwera magulu a ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Mpingu, madera amene Austin ankapitako Loweruka kukaphunzitsa.

"Usapite, Dori wanga. Sunakonzeke. Dikira chaka chamawa."

"Chabwino," anayankha Doreen. Koma m'mawa wa tsikulo anavala chitenje chatsopano chachikasu n'kukwera minibasi. Amafuna kukamudzidzimutsa. Amafuna akamunyadire pagulu!

Atafika anapeza azimayi akuyeserera kuponya. Austin anali kutali, kumadengu, akumanga matcheni. Doreen anaima kumbuyo kwa mtsikana wina wa gulu la ku Nsaru. Mtsikanayo anatenga mbale, chala chachikulu pamwamba, zitatu pansi.

Kachala kakumapeto kali njo, koloza kumwamba.

Doreen anasendera pafupi. Anayang'ananso. Mwina maso? Mwina mtsikanayo naye anavulala?

"Achemwali, dzina ndani?"

"Ndaziona."

"Chala chanucho chinathyoka?"

"Ayi amayi, chili bwinobwino."

"Nanga mwachiimikiranji?"

Ndaziona anaseka mwamanyazi, akuyang'ana pansi. "Ndi za ife awiri, ine ndi chibwenzi changa. Akochi ajawo. Akuti fodya akangotha kugulitsidwa..."

"Ankhoswe akubwera kwa amalume ako."

"Mwadziwa bwanji?"

Doreen anangotulutsa pata yake n'kuigwira mmene amagwirira. Ndaziona anayang'ana kachalako, mbale yake n'kugwa pansi.

Mkazi wina akanalira. Wina akanazemba mwakachetechete kukakwera minibasi. Doreen anakwera pachulu chimene chinali pambali pa bwalo.

"Azimayi nonse! Kwezani mbale zanu mmene mumagwirira poponya! Kwezani tione!"

Anthu anadabwa, koma anakweza, poyesa ndi lamulo la mpikisano. Manja ambiri anali a zala zinayi. Koma uko kumapeto, m'gulu la ku Kabudula, mayi wina wonenepa bwino anali atakweza mbale monyadira, kachala kali njo!

"Atatu!" anakuwa Doreen. "Tilipo atatu! A ku Mpingu, inu mwapulumuka bwanji?"

"Kwathu sitinatumize azimayi!" anayankha bambo wina, bwalo lonse n'kufa ndi phwete.

Austin anafika akuthamanga, thukuta lili kamukamu.

"Dori wanga, tsika. Tikambirane pambali."

"Pambali? Dzanja unandigwira pagulu. Undiyankhe pagulu."

"Enawa anangoonera kwa ine, wapamtima. Sindinawauze kanthu."

"Kuonera?" anatero Ndaziona. "Si inu munandigwira chala chimodzichimodzi? Si inu munati ndine mtima wanu?"

"Nanenso ndine mtima wawo," anatero mayi wa ku Kabudula, amene tsopano anali atamvetsa nkhani. "Kodi abambo inu muli ndi mitima ingati?"

"Taimani, azimayi. Ndi kagwiridwe chabe ka mbale..."

"Iwe Austin," anatero Doreen, ndipo "inu" anathera pomwepo. "Chala chako chinaphwanyidwa ndi jeke. Zathuzi zinaphwanyidwa ndi chiyani? Unatiika chizindikiro ngati ng'ombe za pamsika wa Nsaru, kuti ukafika pabwalo uzidziwa zako ndi ziti! Ine ndinakaima pamaso pa abale a malemu chifukwa cha iwe. Ndinavula zakuda chifukwa cha iwe!"

Austin anaona kuti zokoma zamuthera. Nkhope inasintha.

"Ngati ndi choncho, bweza mbale yanga."

"Mbale ndi ya parishi. Si ya amako."

Nthawi yomweyo woyang'anira mpikisano anaitana gulu la Nambuma. Doreen anatsika pachulu. Anakaima pamzere. Anapinda kachala kaja n'kukalowetsa pansi pa mlomo wa mbale, pamodzi ndi zinzake. Dzanja linamveka lachilendo, ngati la munthu wina. Anaponya.

Mbale inapita molunjika, n'kupitirira pamene inkagwera masiku onse. Kani miyezi yonseyi ankaponya ndi mphamvu zoperewera, chifukwa chonyamula chilema cha mwini wake!

Sanapambane. Anamaliza chakumapeto. Ndipo mu minibasi pobwerera analira, kulira kwenikweni, nkhope ataibisa m'chitenje chachikasu chija, chifukwa munthuyo ankamukonda. Foni inalira: "Dori wanga, satana anandinyenga. Iwe ndiwe weniweni." Anafufuta uthengawo pamodzi ndi nambala.

Mbiri inamutsogolera kumudzi. Violet anamudikirira panjira ya kumjigo.

"Ukwati uja ndi liti, alamu? Tikufuna tisoketse zovala."

"Ukwati kulibe."

"Ndiye mubwerere m'nyumba, mukhale phee, anthu aiwale. Zoponya mbalezi zitheretu."

"Ndibisale ine? Ndaba chiyani? Lamulungu mukandipeza pabwalo. Mukafuna mubwere, ndikuphunzitseni kugwira ndi zala zonse."

Ndipo Lamulungu analidi pabwalo. Austin ali kudengu ili, iye kudengu ilo, osamuyang'ana. Mtsikana aliyense watsopano akafika, Doreen ndiye amayamba kumulandira, kumusankhira mbale yopepuka, kumupinda zala yekha, mwamuna asanayandikire.

Koma tamvani za anthu. Pamsika akumuloza Doreen kuti ndi wamasiye wopupuluma. Kumphakati wa tchalitchi akuti anachititsa manyazi malemu. Austin yekha akadali "akochi", ndipo azibambo akumugwira chanza akuseka, ati mwamuna ndi ameneyu.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, musangopukusa mutu n'kutseka. Doreen anakhulupirira munthu mmodzi. Austin ananamiza akazi atatu. Woyenera kuyenda chozolika m'Nambuma muno ndani? Doreen akufuna yankho lanu, ndipo muliyankhule mokweza, pamsika pomwepo. Yankhani!