Mbande za Bambo Gabrieli

Pakhomo pa bambo Gabrieli ku Massangulo panali pamtendere. Iwo anali katekista komanso mlimi wa fodya, akazi awo mayi Perpétua ankaimba kwaya, ndipo mwana wawo Amílcar anadziwa khasu asanadziwe kuwerenga. Chimene chinamusokoneza mnyamatayu n'chochititsa manyazi kuchitchula: kanema.

Kanemayo ankaonetsedwa m'baraka, chisakasa cha Jackson kumsika. Anali wa katswiri wa nkhonya ndi mateche, wobweza mivi ndi chikhatho, amene anakagonjetsa chinjoka chotuluka m'phiri. Amílcar anaonera kanayi. Kunyumba nthochi zinayamba kuthyoka ndi mateche.

"Nthochizo zakulakwira chiyani?" anafunsa mayi ake. "Mphamvu zakozo pita nazo kudimba."

Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mayiwo anadwala, ndipo bambo Gabrieli anayenera kupita nawo kuchipatala ku Cuamba. Asanakwere shapa, minibasi ya kumeneko, anatengera mwana wawo kudambo, pa nazale ya fodya, mbande zidakali zanthete.

"Uzithirira m'mawa ndi madzulo, ndi kheni, pang'onopang'ono. Mbandezi zikafa, chaka chino tilibe fodya. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

Mawuwo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Mawa lake, akuchokera kudambo, Amílcar anakumana ndi Jackson.

"Ukuyesa nkhani ija inathera pompaja? Katswiri uja ali m'gulu la ziphona, chilichonse ndi filime yake. Ndabwera nazo zonse kuchokera ku Mandimba. Ukaphonya imodzi, zinazo sumvapo kanthu."

"Ndilibe cholowera, achimwene."

"Nanga kheniyo? Isiye kwa ine, uzilowa sabata yonse. Madzi ndi madzi, uzithirira ndi ndowa."

Ngakhale mwana woyamwa wa m'boma lawo la Ngauma amadziwa kuti ndowa sithirira nazale. Amílcar ankadziwanso, koma kheni ya bambo ake anapereka. Ankathamangira kudambo masana dzuwa lili paliwombo, kukhuthula ndowa ziwiri zitatu, n'kubwerera kubaraka. Madzi ankakokolola dothi, mizu n'kutsala pamtunda, dzuwa n'kumalizitsa. Ndipo kanema aliyense akamatha ankaonetsako kachidutswa ka wotsatira, basi mtima wa mnyamata m'mwamba.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi bambo Gabrieli anabwera okha. Anagwada pa nazale, nafukula dothi ndi zala. Chobiriwira chinali udzu wokha.

"Kheni ili kuti?"

Bambowo anadzuka pa nazalepo, napitiriza:

"Amayi ako ndawasiya pabedi akufunsa za mbandezi. Nthawi yofesa yadutsa. Undiuze iweyo, ndikawayankhe chiyani?"

Sanamumenye, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa ndodo. Amílcar anathamangira kwa Jackson kukapempha kheni ija.

"Inapita kale ku Mandimba," anatero Jackson akukonza mabenchi. "Koma lero kuli filime yatsopano. Ulowa?"

Mvula itagwa, mudzi wonse unali kalikiliki kuwokera fodya. Amílcar anayenda khomo ndi khomo kupempha mbande zotsala, napeza zodzaza mizere isanu ndi iwiri. Munda wonse wotsala unamera chisoso. Mayi ake atachira anakaima m'mphepete mwake, nayang'ana kwa nthawi yaitali, nabwerera kunyumba.

Achinyamata, ulesi subwera ukuwodzera nthawi zonse, pena umabwera ukudumpha ndi kuponya mateche. Ntchito imene makolo akusiyirani igwireni pa nthawi yake, chifukwa kanema amabwerezedwa mawa, koma nyengo yofesa ikapita yapita.