Kabatani ka pa Lenzi ya Malemu Nasoni

Nkhani iyi si ya kumva kwa akumva. Inachitika masana dzuwa likuswa mtengo, mwezi wa Okutobala, m'nyumba ya malata kuseri kwa msika wa Nsaru, ndipo anaiona ndi anthu atatu: a Adamson amene amajambula zithunzi ku Namitete, mayi Tisiyenji mkazi wa malemu Nasoni, ndi mwana wawo Agnes, mphunzitsi wa pulayimale. Onse atatu alipo. A Adamson ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa, ndipo nkhaniyi saikamba pokhapokha muwaumirize.

A Nasoni anajambula anthu a ku Nsaru ndi Kabudula kwa zaka zoposa makumi atatu: maukwati, ubatizo, alimi ataima monyada pambali pa mabelo a fodya. Chakumapeto kwa moyo wawo manja anayamba kunjenjemera, moti tiyi ankamwera m'kapu yosadzaza. Ntchito sanaisiye. Mphwawo wa ku Joni anawatumizira lenzi yokhala ndi kabatani m'mbali, kamene ukakayatsa kagalasi ka m'kati kamalimbana ndi kunjenjemera kwa dzanja, chithunzi n'kutuluka chosagwedera. Chilandirire lenziyo, kabataniko kankangokhala koyatsa mpaka tsiku limene anatisiya.

Patatha chaka banja linagwirizana zomanga chiliza. Wosema miyala wa ku Lilongwe anati chithunzi chimupeze m'mawa wa Lachisanu, apo ayi mwalawo ukhala wa dzina lokha. Apa mpamene anazindikira kuti munthu amene anajambula aliyense analibe chithunzi chake. Kanalipo kachithunzi kamodzi kokha, ka pa chiphaso chovotera, nakonso kananyowa denga litadontha, nkhope n'kuyamba kusuluka. Mayi Tisiyenji anaitanitsa a Adamson, omwe anaphunzira ntchito kwa malemuwo, kuti adzakajambulenso n'kukakulitsa. Anapempha chinthu chimodzi chokha: ntchitoyo igwiridwe ndi kamera ya amuna awo. A Adamson anasiya yawo ku Namitete, nafika Lachinayi masana.

Anakokera tebulo pafupi ndi khomo pomwe panali kuwala, natsamiritsa chiphasocho pa buku la nyimbo. Kamera anaimanga pa sitandi ya miyendo itatu. Kenako anazimitsa kabatani kaja.

Agnes anafunsa chifukwa chake, poti bambo ake sankakakhudza. A Adamson anafotokoza kuti kabataniko n'ka munthu wojambula atagwira kamera m'manja. Ukaikhazika pa sitandi uyenera kukazimitsa, chifukwa kakasowa kunjenjemera koti kalimbane nako kamayamba kukufunafuna, chithunzi n'kuwonongeka. Anati kali ngati mayi wozolowera kubereka mwana, amene amangodzigwedeza ngakhale mwanayo atatsika kale kumsana. Mayi Tisiyenji anaseka, nati mawu amenewo si awo, anaba kwa bambo a Agnes. A Adamson anavomera kuti anabadi.

Anajambula koyamba. Chithunzi chinatuluka chogwedera, maso anayi, pakamwa pawiri.

Sanadabwe. Anaganiza kuti chala chawo chakankha kamera podina. Anamangitsa miyendo ya sitandi, napondaponda simenti kuona ngati ili ndi mphako. Anatchera kamera kuti ijambule yokha pakatha masekondi khumi, ndipo anauza onse kuti aime kukhoma. Mphepo kunalibe. Galimoto sinadutse. Kamera inalira yokha.

Chogwedera.

Anajambula kachitatu, kachinayi, mpaka kasanu ndi kawiri. Thukuta linayamba kuwalowa m'maso. Iwo ankaganiza za mwala wopanda nkhope, ndi za mayi amene anali ataima kukhoma atapinda manja, osadandaula, akungoyang'ana kachiphaso kaja. Dzuwa linali litayamba kuchoka pakhomo. Kubwerera ku Namitete kukatenga kamera yawo kunali kutaya kuwala konse kwa tsikulo.

Anaona kabatani. Kanali kozimitsa. Anaika diso pa kamera osaikhudza.

Nkhope ya a Nasoni inali kunjenjemera. Osati kuyenda pang'onopang'ono monga imachitira lenzi ikamafunafuna. Kunali kunjenjemera kwafupikufupi, kosalekeza, kopita kumanzere ndi kumanja. A Adamson anakweza mutu kuyang'ana pa tebulo. Chiphaso chinali phee. Sitandi inali nji.

Nyenje zimene zinkalira m'mitengo ya mango chifikire iwo zinaleka zonse pamodzi. Malata anathetheka kamodzi. Ndiye kunabwera fungo la mafuta a bulugamu, amene malemuwo ankapaka m'manja m'mawa uliwonse. Agnes akuti botolo lake analitaya yekha pa tsiku la maliro.

Lamba wa kamera, wolendewera pansi, anali kugwedezeka pang'ono.

Mayi Tisiyenji anasendera. Anayang'ana lambayo nthawi yaitali.

"A Adamson," anatero monong'ona, "kabatani kaja mwati kamathandiza munthu akagwira m'manja?"

"Eya, mayi."

"Ndiye kayatseni."

"Komatu ili pa sitandi. Palibe waigwira."

"Kayatseni, bambo. Akuvutika."

A Adamson anatambasula chala chimodzi, thupi lonse atalibweza kumbuyo. Anakankha kabatani. Anadina pang'ono batani lojambulira.

Lenzi inayamba kulira pansipansi, ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo. Anaikanso diso. Nkhope ija inagwedera kamodzi, kawiri. Inaima.

Masekondi khumi. Kamera inalira.

Chithunzi chinatuluka chakuthwa, moti ngakhale kachipsera ka pachibwano, kamene pa chiphaso sikankaoneka bwino, kanali poyera. Agnes anagwira pakamwa. Mayi ake sanalire. Anayang'ana nkhopeyo, nagwedeza mutu monga munthu wovomera ntchito yogwirika.

"Basi, bambo a Agnes," anatero, osayang'ana aliyense. "Chatheka. Siyani tsopano, mukapume."

Lenzi inaleka kulira. Lamba anaima. Patapita kanthawi nyenje imodzi inayambanso, zinzake n'kutsatira.

Chithunzi chija chinafika ku Lilongwe pa nthawi yake, ndipo lero chili pa chiliza. A Adamson, pokhala munthu wosathamangira kugamula, anapita ndi lenziyo kwa wokonza makamera mumzinda. Anaitsegula, naiyesa pa sitandi kozimitsa ndi koyatsa, napeza kuti ilibe vuto lililonse. Ena amati mwina pansi pankanjenjemera ndi chigayo cha kumsika. Chigayocho tsiku limenelo sichinagaye, magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

A Adamson satsutsa aliyense. Amangonena chimene dzanja lawo linamva pomasula kamera pa sitandi. Thupi lonse la kamerayo linali lozizira, poti inali pamthunzi. Koma pogwirira, kudzanja lamanja, panali pofunda ndi ponyowa pang'ono, ngati pamene munthu wangochotsapo chikhato.