Mpata wa Chikhatho Chimodzi

Woyamba kumva phokosolo anali msuweni wake wa Wamafoni, mayi amene ankalumikiza zithunzi za filimuyo pa laputopu yong'aluka pakona. Anavula mahedifoni pang'onopang'ono n'kufunsa motsitsa mawu:

"Asuweni, mwaikamo kale phokoso la nkhonya muno?"

Wamafoni anapukusa mutu. Phokoso ankaika pomalizira, ndipo mayiyo ankadziwa zimenezo kuposa aliyense. Mu filimu ya karate nkhonya sifika pathupi la munthu. Pakati pa phazi ndi nthiti pamatsala mpata wa chikhatho chimodzi, kamera imaima poti mpatawo usaoneke, ndipo omenyanawo amawerenga, wani, thu, fili, kuti aliyense adziwe pozinda. Kenako wina amakwapula pilo wakale ndi lamba pafupi ndi maikolofoni, n'kulumikiza phokosolo ndi chithunzi. Koma pa zithunzi za dzulo lake, zomwe panalibe munthu amene anali atazigwira, pofika pa seveni pankamveka kuti dii, phokoso lolemera la chinthu chomwe chafikadi pamnofu, kenako munthu akukokera mpweya m'mano.

Filimuyo inali maloto a mkulu wake wa Wamafoni, amene anthu ankangomutchula kuti Sensei ngakhale lamba wakuda anachita kugula pamsika. Awiriwa anakulira pa mabenchi a m'chipinda choonetsera mafilimu cha bambo awo, kuloweza mateche a akatswiri akale mpaka tepi kuduka. Atakula anaganiza zopanga yawo yolemekeza mafilimu amenewo. Anapempha ndalama pa intaneti, ndipo anthu oposa mazana atatu anasonkha, wina ya basi, wina ya sopo, polonjezedwa kuti mayina awo adzaoneka kumapeto. Ankajambula usiku m'nyumba yakale yosungiramo katundu, chifukwa masana aliyense amakhala kuntchito, komanso owotcherera zitsulo a khomo loyandikana sakanalola mawu a munthu kumveka.

Sensei anamwalira ndewu yomaliza isanajambulidwe. Anthu anauzidwa kuti anagwa panjinga n'kuvulala m'kati, ndipo wodziwa zoona anali mmodzi yekha. Tsiku lina atatsala awiri akuyeserera, Wamafoni, amene ankasewera chigawenga cha mu filimuyo, anadandaula kuti mpata ukuonekera, anthu adzawaseka. "Senderani pang'ono, achimwene," anatero. Mkulu wakeyo anasendera. Pa seveni theche linafika m'nthiti zakumanzere. Sensei anakhala pansi, anaseka, nati si kanthu, ndipo patatha masiku atatu anatsikira kuli chete. Wamafoni anafufuta chithunzicho usiku womwewo. Sanauze munthu, ngakhale mlamu wake, mkazi wa malemuyo, amene pamaliro anamugwira dzanja nthawi yaitali. Mantha anamumanga pakamwa, ndipo tsiku lililonse lomwe linkadutsa linkalimbitsa mfundoyo.

Kuti amalize filimu, anapeza telala wa mumsewu mwawo, wofanana msinkhu ndi malemu, n'kumuveka jekete lofiira la Sensei kuti azimujambula chakumbuyo. Telalayo sankadziwa karate ngakhale pang'ono. Ankati ndewu zomwe iye amazidziwa ndi za makasitomala a madiresi aukwati, koma anavomera chifukwa jeketelo anasoka ndi iyeyo ndipo ankalinyadira.

Wamafoni anavala mahedifoni aja n'kumvetsera. Phokoso limenelo ankalidziwa bwino, chifukwa analimvapo kamodzi kuchokera kuphazi lake lomwe.

"Ndi lata la padenga," anatero. "Mphepo."

"Lata lopuma ngati munthu?"

Wamafoni anavula mahedifoni aja n'kuwaika pambali.

Usiku wotsatira anakulitsa mpata kufika zikhatho ziwiri. Nyumba yojambuliramo ija inali yaikulu, ndipo mababu awiri omwe anapachika pa chingwe ankangowalitsa pakati penipeni, pamene anayala matiresi. Kuseri kwa kuwalako mdima unali wothithikana mpaka kumakoma, ndipo munkamveka madzi akudontha mu ndowa kwinakwake, ndi mileme ikukwekwesa m'mitengo ya denga. Msuweni anayatsa kamera n'kuyamba kuwerenga. Pa seveni phazi la Wamafoni linadutsa patali ndithu, moti ngakhale mwana akanaona kuti ndi zamasewera. Telala anapindika ngati mpando wa pamsonkhano.

"Simunandikhudze, bwana dayirekitala, ndaona ndi maso anga," ananong'ona atagwira m'nthiti. "Koma apa pakuwotcha."

M'mawa mwake pamalopo panali patada, chotupa chachitali chooneka ngati m'mbali mwa phazi. Nkhani inathamanga mumsewu monse. Ena ankati jekete la munthu wakufa salivala. Ena ankati owotcherera zitsulo aja akuchita nsanje ndipo akulowa usiku kukaseweretsa zida. Msuweni, amene sankakhulupirira zinthu wamba, anasintha kadi la mu kamera, anabwereka maikolofoni ina, laputopu n'kumagona nayo kumutu. Ataonanso zithunzi za usiku wachiwiriwo anapeza phokoso lija lili pomwepo, pa seveni, losasintha ngakhale pang'ono.

"Tiimitse kaye, asuweni," anatero.

"Kwatsala usiku umodzi. Anthu aja akufunsa tsiku lililonse."

Zinali zoona kuti anthu ankafunsa, koma chomwe chinkamukankha sichinali chimenecho. Ankadziuza kuti filimu ikatha, mkulu wake akaoneka pa sikirini ali wamoyo, akulumpha, mlandu nawo udzatha wokha. Munthu akamaopa chinthu amakhulupirira bodza lake lomwe msanga kwambiri.

Usiku wachitatu anachotsa theche lija n'kulitayiratu. Anagwirizana kuti pa seveni onse angoima. Telala anabwera akuyenda chopendekera, mkazi wake atamuletsa, akuti ntchito imene wayamba kale saisiya theka. Madzi aja anali atasiya kudontha. Mileme nayo inali zii. Msuweni anayamba kuwerenga, ndipo atafika pa sikisi anaima kanthawi, ngati akufuna kudumpha nambala yotsatirayo.

"Seveni."

Mapazi onse awiri a Wamafoni anali pansi. Phokosolo linamveka m'nyumbamo, poyera, osati m'mahedifoni, ndipo linabwerera kuchokera kumakoma. Telala anagwa chammbali n'kuyamba kutsokomola. Atapukuta pakamwa ndi mkono wa jekete, kufiira kwa nsalu kunabisa zomwe zinatuluka, koma pa matiresi zinaoneka.

Kuchipatala anamujambula m'chifuwa kawiri n'kupeza nthiti zonse zili bwinobwino. Komabe munthuyo ankangofookera, kupuma movutikira, osatha kugonera kumanzere. Wamafoni anakhala pa benchi la m'khonde tsiku lonse, akuona mkazi wa telala akulowa ndi kutuluka ndi beseni, ndipo chilichonse chomwe ankaona anali atachionapo kale miyezi iwiri yapitayo. Mkulu wake anatha masiku atatu. Limeneli linali loyamba.

Madzulo a tsiku lachiwiri telala anamukodola. Milomo inali itauma, ndipo Wamafoni anachita kuweramira pafupi kuti amve.

"Bwana dayirekitala, ndikangotseka maso ndikumva munthu akuti senderani pang'ono. Mawuwo ndi anu. Koma ine munandiuzapo liti zimenezo?"

Wamafoni anatuluka osatsanzika. Anayenda wapansi, kudutsa mashopu otseka ndi agalu ogona m'makhonde, mpaka kunyumba ya mkulu wake, kumene mlamu wake ankakhala yekha chimwalirireni mwamuna wake. Magetsi anali atazima dera lonselo. Anagogoda. Mayiyo anatsegula atanyamula kandulo, ndipo sanamuuze kuti alowe.

"Alamu, achimwene sanagwe panjinga," anatero Wamafoni. "Ndine. Ndinawauza kuti asendere, kuti chithunzi chioneke bwino. Theche linali langa. Ndinafufuta zonse, ndipo ndinakunamizani."

Anagwada pakhonde pomwepo n'kulira, kulira komwe sanalire pamaliro. Mlamu wake anamuyang'ana mpaka phula la kandulo linamudonthera pachala, koma sanasunthe.

"Anandiuza usiku womwewo, ndikuwathowa ndi madzi otentha," anatero. "Anati ndisakufunseni, mng'ono wanga si munthu woipa, adzabwera yekha. Tsiku lililonse ndimati abwera lero. Ndasesa khonde lino miyezi iwiri, alamu."

"Ndikhululukireni."

"Mwabwera chifukwa cha telala. Ine ndikanatha kudikira mpaka kukalamba."

Mayiyo anabwerera m'nyumba n'kutseka chitseko mosamenyetsa. Wamafoni anatsala chigwadire mumdima, akuona kuwala kwa kandulo kukuyenda pansi pa chitseko kulowera kuchipinda chochezera. Kenako anamva mlamu wake akulankhula, motsitsa, ndi mawu a mkazi amene akudandaulira mwamuna wake nkhani yomwe akhala akukangana kwa nthawi yaitali.

"Mwamva nokha. Wabwera, wanena. Tsopano musiyeni mwana wa eni ake apume."

Ndiyeno m'nyumba momwe munkakhala munthu mmodzimo, mpando unalira ngati wina wolemera akudzuka, ndipo mapazi a mwamuna anayamba kuyenda pang'onopang'ono kulunjika kuchitseko komwe Wamafoni anagwada.